Ndege ya hayala yopita ku Likoma

Lolemba, 14 Julayi, ku Lilongwe

Mayi ali ndi zaka 82, ndipo papita zaka 19 chipondereni pa Likoma, chilumba chimene anabadwirapo. Achibale atagwirizana kuti chiliza cha agogo athu aakazi chivundukulidwe mwezi uno, nkhani imene inatisowetsa tulo sinali ya simenti kapena ya chakudya cha anthu, koma ya mayendedwe a mayi. Mawondo awo anatha, msana suwalola kukhala pampando nthawi yaitali, ndipo adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti ulendo wa pagalimoto mpaka ku Nkhata Bay, kenako maola ambiri panyanja m'nyengo ino ya mwera, ungathe kuwagoneka m'chipatala. Eni akewo amatsutsa, amati anayamba kukwera Ilala ali kamtsikana, sitimayo ikadali yatsopano, ndipo madzi sawaopa, koma tonse timaona mmene amavutikira ngakhale kukwera pakhonde la nyumba yawo.

Achemwali a ku Manchester ndiwo anabweretsa maganizo oti tichite hayala ndege. Poyamba ndinaseka, chifukwa kwa ine hayala ya ndege inali ya atsogoleri a dziko ndi azungu odzaona nyama. Koma popeza ntchito yanga ndi yowerengetsa ndalama, abale anandisenzetsa udindo wofufuza, ndipo masabata atatu apitawa ndakhala ndikuimba mafoni ndi kulemberana makalata ndi makampani atatu.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti hayala si tikiti. Munthu amalipira ndege yonse, kaya akweramo yekha kaya adzaza mipando yonse, monga mmene timachitira ndi minibasi pa ukwati kapena pamaliro. Kusiyana kwake n'kwakuti ndege amaiwerengera maola amene ili m'mwamba, ndipo maolawo akuphatikizapo ulendo umene imayenda yopanda munthu. Ife tikufuna kupita Lachitatu n'kubwerera Loweruka, choncho anandipatsa njira ziwiri. Ndege ingathe kutidikira pachilumba masiku atatu, ife n'kulipira malo ogona ndi chakudya cha woyendetsa, kuwonjezera pa ndalama ya tsiku lililonse limene ndegeyo yangokhala osagwira ntchito. Kapena ingathe kutisiya, kubwerera ku Lilongwe yopanda kanthu, n'kudzabweranso Loweruka yopanda kanthu, kutanthauza kuti tilipira maulendo anayi pamene ife tikwera awiri okha. Nditawerengetsa ndinapeza kuti njira yachiwiri ndiyo yotsikirapo, chifukwa mtunda wake ndi waufupi, makilomita ongopitirira pang'ono 200, ndipo kampaniyo imafuna ndege yake pa ntchito zina masiku apakatiwo. Pamwamba pa zimenezi pali ndalama yoterera pabwalo ndi msonkho wa munthu aliyense wokwera. Mtengo wonse anautchula mu madola a ku America, ndipo aliyense wodziwa mmene ndalama zakunja zikusowera m'dziko muno amvetsa chifukwa chake achemwali ndiwo analipira kuchokera komwe aliko.

Panalinso nkhani yosankha mtundu wa ndege. Yotsika mtengo kwambiri inali Cessna 206, kandege kotenga anthu asanu, kokhala ndi injini ya mapisitoni yofanana kagwiridwe kake ndi ya galimoto, koma ife tilipo asanu ndi atatu. Kampani ina inatchula Beechcraft King Air, ya injini ziwiri, yothamanga ndi youluka pamwamba kwambiri, imene inafunika kuchokera kunja kwa dziko lino, ife n'kulipiranso ulendo wobwerera kwawo. Pa mtunda wosakwana ola limodzi liwiro lakelo likanangotipulumutsira mphindi zochepa. Tinakhazikika pa Cessna Grand Caravan, ndege ya injini imodzi ya mtundu umene amautcha turboprop, yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'mabwalo ang'onoang'ono a kuno kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa.

Lachiwiri, 15 Julayi, ku Lilongwe

Lero linali tsiku la sikelo, ndipo lakhala tsiku lovuta kuposa mmene ndinkayembekezera. Sabata yatha kampani inapempha kulemera kwa munthu aliyense, ndipo azakhali anakana kwamtuwagalu, amati chibadwire sanafunsidwepo funso lachipongwe ngati limenelo. Anavomera pokhapokha nditawalonjeza kuti nambala yawo ndiitumiza ndekha ndipo sindiuza munthu wina aliyense.

Vuto lenileni linali katundu. Anatiuza kuti aliyense atenge makilogalamu 15, m'chikwama chofewa osati sutikesi yolimba, chifukwa katundu amalowa m'zipinda zing'onozing'ono za kunsi kwa mimba ya ndege, zimene zitseko zake ndi zopapatiza. Koma munthu sapita kumudzi kumwambo wa chiliza ali chimanjamanja. Titafika ku ofesi ya kampani masana ano tinali ndi matumba awiri a ufa, thumba la mpunga, shuga, mafuta ophikira, nsalu za amayi a mpingo ndi nkhata za maluwa, ndipo sikelo inaonetsa kuti tapyola ndi makilogalamu oposa 100. Achimwene anakwiya, nati ndege talipira yonse, ndiye palibe wotiletsa kuikamo chimene tikufuna. Mayi wa mu ofesimo anatenga pepala n'kutiwerengera modekha, ndipo ine amene ndimadya za manambala sindinapeze potsutsa. Ndegeyi ikadzaza, kulemera kwake konse sikuloledwa kufika matani anayi, ndipo m'kati mwa kulemerako muli ndege yeniyeniyo, woyendetsa, anthu, katundu ndi mafuta. Injini yake imamwa malita pafupifupi 200 pa ola, lita iliyonse imalemera magalamu pafupifupi 800, ndipo popeza ku Likoma sikamwetsa, iyenera kunyamuka ndi mafuta opitira, obwerera, ndi ena apadera oti ikalephera kutera ipite kwina. Thumba lililonse la ufa limene tingakakamire ndiye kuti tachotsa mphindi zingapo za mafuta. Tinagwirizana kuti ufa ndi mpunga zitsale, ndipo ndatumiza ndalama pafoni kwa msuweni wathu kuti akagule konko, ngakhale kuti pachilumba zinthu zimakwera mtengo chifukwa zambiri zimachita kuwoloka nyanja.

Ndisanatuluke ndinapempha kuona chiphaso chosonyeza kuti kampaniyo ndi yololedwa ndi boma kunyamula anthu olipira, komanso pepala la inshuwalansi. Mnzanga wina amene anagwirapo ntchito pabwalo la ndege ndiye anandilangiza zimenezi, nati kukhala ndi ndege ndi laisensi yoiyendetsa sikupatsa munthu ufulu wochititsa hayala, chifukwa ndege yonyamula anthu olipira ili ndi malamulo ake okhwima a kakonzedwe ndi a maola amene woyendetsa amaloledwa kugwira ntchito. Anandionetsa mapepala onse popanda kunyinyirika. Ndinaonanso kuti nambala ya ndegeyo ikuyamba ndi 7Q, chizindikiro cha ndege zolembetsedwa m'Malawi, monga mmene za ku Zambia zimayambira ndi 9J.

Madzulo ano mayi anandiitanira kuchipinda kwawo n'kundifunsa motsitsa mawu ngati kandege kathu kali ngati kaja kanatenga a Chilima. Funso limeneli ndinkaliyembekezera, chifukwa palibe Mmalawi amene angakwere ndege yaing'ono lero osakumbukira za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse asanu ndi anayi amene analimo anatisiya, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima. Sindinafune kuwanamiza. Ndinawauza kuti injini za ndege ija zinali za mtundu womwewu wa turboprop, koma njira yathu ndi ina, ikulowera kunyanja, ndipo kukakhala mitambo sitinyamuka. Anangoti, “Chabwino, mwanawe, tipemphere,” ndipo tinapemphera.

Lachitatu, 16 Julayi, ku Likoma

Tinadzuka kukadali mdima ndipo tinafika pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi cha m'ma 7 koloko, kukuzizira kwambiri moti mayi anafunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi. Nthawi ya m'mawa anaisankha ndi a kampani, amati dzuwa likakwera nthaka imatentha, mpweya umayamba kukwera mwamphamvu, ndipo ndege yaing'ono imadumphadumpha. Ubwino woyamba wa hayala tinauona pomwepo: panalibe mzere, katundu ndi ife tomwe anatiunika mwamsanga, ndipo galimoto inawatengera mayi mpaka patsinde pa ndege.

Woyendetsa anali bambo wachinyamata, Mmalawi, wofatsa kayankhulidwe. Anawapatsa moni mayi atagwira dzanja lawo ndi manja awiri, nati, “Agogo, lero ndine mdzukulu wanu, mukamva chilichonse chokuvutani mundiuze.” Kenako anatisiya n'kuyamba kuizungulira ndege yake. Ndinamutsatira chapatali. Anasuzumira matayala, anagwedeza timapiko ta kumbuyo, anatsegula chivundikiro cha injini kuona oyilo, ndipo anakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Anandiuza kuti akufuna madzi, chifukwa madzi amalemera kuposa mafuta ndipo akakhalamo amakhazikika pansi. Fungo lake linali la palafini weniweni, ndipo nditanena zimenezi anavomera kuti mafuta a Jet A-1 ndi palafini woyengedwa bwino, wosiyana ndi petulo wa ndege zing'onozing'ono za mapisitoni amene ndi wokwera mtengo ndi wosowa m'mabwalo ambiri a kuno. Kunsi kwa mchira kunali chitsulo chochirikiza ngati mzati, chimene amaikapo pokweza anthu kuti ndege isakhale pansi ndi mchira onse akaunjikana kumbuyo. Anachichotsa yekha tonse titakhala pansi.

Kukweza mayi inali ntchito ya anthu atatu. Chitseko cha okwera chili chakumbuyo ndipo makwerero ake ndi opapatiza, choncho achimwene anawagwira kumbuyo, ine kutsogolo, a kaputeni akuwauza poika phazi. M'katimo munthu saima chilili, amayenda chowerama. Pokhala sitinasankhe tokha. A kaputeni anali ndi pepala la kulemera kwathu, ndipo anatigawa kuti kulemera kusapendekere kutsogolo kapena kumbuyo. Azakhali anawaika pakatikati, pansi pa mapiko, ndipo anawauza mwaulemu kuti pamenepo ndi pamene pamagwedera pang'ono, zimenenso ndi zoona. Ine anandipatsa mpando wa kutsogolo, kudzanja lamanja lake, atandichenjeza kuti manja ndiike pamiyendo ndipo mapazi ndisaponde zitsulo za pansi.

Kuliza kwa injini imeneyi sikufanana ndi kwa galimoto. Kunayamba kulira kwa likhweru kokwera pang'onopang'ono, pulopela n'kuyamba kuzungulira mwaulesi, kenako moto unagwira m'kati ndi kaphokoso kakuti bvuu. Nthawi yonseyi maso a a kaputeni anali pa geji imodzi yokha, dzanja lili pa chogwirira cha mafuta. Pambuyo pake anandifotokozera kudzera m'mahedifoni kuti geji imeneyo imaonetsa kutentha kwa m'kati mwa injini, ndipo kukapyola malire poliza, m'masekondi ochepa injini ya mtengo woposa nyumba zingapo imakhala yawonongeka. Anati injini yake ndi PT6, yopangidwa ndi kampani ya Pratt & Whitney ku Canada, ndipo kwenikweni ndi injini ya jeti yaing'ono, kungoti mphamvu ya mpweya wotentha, m'malo mokankha ndege kuchokera kumbuyo, imazungulitsa pulopela kudzera m'magiya. Mbali za m'kati zimazungulira maulendo oposa 30,000 pa mphindi, pamene pulopela sifika pa 2,000. Ndiko kupanga kwake kumene kumachititsa kuti ndege yotere izitha kunyamuka pamsewu waufupi itasenza katundu, pamene jeti imafuna msewu wautali ndipo imamwa mafuta ambiri ikamauluka m'munsi pa mtunda waufupi ngati wathuwu.

Tinanyamuka nthawi itangopitirira 8 koloko. Ndegeyo inathamanga kamtunda kochepa kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwa msewu wa pabwalopo, ndipo ndinangozindikira kuti minda ya ku Dowa yayamba kuchepa pansi pathu. Tinakwera mpaka mafiti 9,500, omwe ndi mamita pafupifupi 2,900, ndipo pamenepo ndi pamene tinayenda ulendo wonse. Caravan ilibe makina osunga mpweya wa m'kati ngati ndege zikuluzikulu, choncho imayenda m'munsi, ndipo kwa munthu wofuna kuona dziko lake palibenso mwayi woposa umenewu. Mapiko ake ali pamwamba pa mawindo, ndiye palibe chotchinga maso. Ndinaona mizere ya m'minda imene chimanga chinakololedwa kale, zigafa za fodya, timitengo ta manda tokhatokha titatsala pakati pa dziko lometedwa, kenako nkhalango ya paphiri la Ntchisi yobiriwira kwambiri ngati chigamba pa nsalu yofumbwa. Titangodutsa pamenepo dziko linatsika mwadzidzidzi kulowera kunyanja, ndege inagwedezeka kawiri katatu, ndipo kumbuyo ndinamva azakhali akuitana dzina la Yesu. Kudzanja lamanja kunaoneka thamanda la Chia, pansi pathu tauni ya Nkhotakota, ndipo chakumpoto chapatali minda ya nzimbe ya ku Dwangwa.

Tili pamwamba pa madzi ndinafunsa funso limene linali pamtima panga, lakuti injini imodziyi itazima titani. A kaputeni sanaseke. Anati injini za mtundu umenewu zili ndi mbiri yabwino kwambiri ya kudalirika, ndege ikazimitsa siigwa ngati mwala koma imatsetsereka kamtunda ndithu, n'chifukwa chake amakwera m'mwamba asanayambe kuwoloka, ndipo majekete oyandamitsa amene anationetsa tisananyamuke sanaikidwe pansi pa mipando ngati chokongoletsera. Yankholo linandikhazika mtima pansi kuposa mmene akanachitira kundiuza kuti sizingachitike. Pansi pathu mwera unali utayalika mafunde a mitu yoyera nyanja yonse, ndipo ndinaganiza za mayi ali m'sitima pa mafunde amenewo. Chakumpoto tinaona mizati iwiri yakuda ya tizilombo ta nkhungu itaima pamadzi ngati utsi wa moto.

Mapiri a ku Mozambique ndiwo anayamba kuoneka, kenako Chizumulu, kenako Likoma ndi milambe yake. Ndinatembenuka kuti ndiwauze mayi, koma anali ataona kale. Chala chawo chinali pagalasi, akutchula mayina a madooko mmodzimmodzi, ndipo denga la tchalitchi cha St Peter's litaonekera anasiya kuyankhula. Matayala atangogunda pansi injini inabangula kwambiri, lamba anandikoka pachifuwa, ndipo ndege inaima pa kamtunda kochepa. A kaputeni anati pamenepo amatembenuza masamba a pulopela kuti azikankhira mpweya kutsogolo, ndiye buleki yake yaikulu. Wotchi yanga inaonetsa mphindi 52 chinyamukireni ku Lumbadzi.

Pasanathe theka la ola katundu anali atatsika, a kaputeni anawatsanzika mayi, ndipo tinaiona ndege yathu ikunyamuka yopanda munthu, ulendo umene tinaulipira kale.

Lachinayi, 17 Julayi, ku Likoma

Mayi adzuka opanda chowawa chilichonse, ndipo m'mawa uno anayenda okha ndi ndodo yawo kuchokera pagalimoto kukalowa m'tchalitchi ku Chipyela, chija amishoni a Anglican a UMCA anayamba kumanga mu 1903, mmene iwo anabatizidwira. Kuno kukutentherako kusiyana ndi ku Lilongwe, chifukwa kuchokera ku Lumbadzi tatsika mamita oposa 700.

Pachilumba palibe chinsinsi. Aliyense akudziwa kuti tabwera pa ndege ya hayala, ndipo ndaona kuti zasintha mmene anthu akutionera. Ufa umene msuweni anagula dzulo wakwera mtengo lero titapita tokha kukawonjezera, ndipo achibale ena amene sindinawaonepo abwera kudzandifotokozera za fizi ya ana awo. Ndayesa kulongosola kuti ndalamayo tinasonkha anthu asanu ndi mmodzi kwa chaka chathunthu, koma palibe akundikhulupirira. Mkulu wina anandifunsa kuti ndalama ya ndegeyo ikanagula mainjini angati a boti, ndipo nditawerengetsa mumtima sindinamuyankhe.

Lachisanu, 18 Julayi, ku Likoma

Mwambo wa chiliza wayenda bwino. Abusa anadalitsa, mayi ndi malume anachotsa nsalu pamodzi, ndipo anthu anadya kondowole ndi nsomba mpaka madzulo. Za mwambowo ndilemba padera.

Chimene chikukhudza ulendo wathu n'chakuti malume, amene anabwera paboti kuchokera ku Nkhata Bay sabata yatha ndipo anasanza njira yonse, anandikokera pambali n'kunena kuti mawa akwera nafe, tikawatsitse ku Mzuzu kumene amakhala. Anati, “Mphwanga, ndege ndi yanu, mwalipira, kupatuka pang'ono pokha kungavute chiyani?” Malume sakanizidwa, choncho ndinaimba ku kampani. Anandiyankha kuti n'zotheka, pakuti mpando ulipo ndipo katundu wachepa, koma pafunika zinthu zitatu: ndilipire nthawi yowonjezera ya m'mwamba ndi ndalama yoterera ku Mzuzu, ndiwatumizire kulemera kwa malume usiku uno kuti awerengetsenso mafuta ndi kulembetsa njira yatsopano, ndipo ndimvetse kuti mawu omaliza ndi a woyendetsa akaona nyengo mawa. Kuchokera kuno kupita ku Mzuzu ndi makilomita ongopitirira 100, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Achemwali anavomera pa WhatsApp kuti alipira. Malume tinakawayeza pa sikelo ya ogula nsomba kudooko, anyamata akuseka. Chachitatucho ndinawauza, koma ndikukayika ngati anachimva.

Loweruka, 19 Julayi, ku Lilongwe

Tinafika pabwalo la ku Likoma 8 koloko monga tinapanganirana, koma ndege inatera 10 koloko itadutsa. Palibe amene anatiimbira kutiuza kuti ichedwa, ndipo foni ya ku ofesi inkangoitana osayankhidwa. Apa pokha ndiye kampaniyo inandikhumudwitsa, chifukwa kudikiritsa munthu wa zaka 82 maola awiri popanda mawu si chinthu chabwino, ndipo ndawalembera kalata. A kaputeni atatsika anapepesa, nati ku Lilongwe kunali mitambo yotsika m'mawa ndipo anayenera kudikira kuti ikwere.

Kenako anapita kwa malume, navula chipewa, n'kuwauza kuti ku Mzuzu sapita. Anati wayankhula ndi a pabwalo la kumeneko kawiri, ndipo chifunga chakuta tauni yonse ndi mapiri ozungulira. Analoza chakumadzulo, ndipo tonse tinaona: pamwamba pathu panali poyera, nyanja ikuwala, koma kutsidya, pamene pamayenera kuoneka mapiri a Viphya, panali khoma la mitambo yoyera kuchokera kumpoto mpaka kum'mwera. Anafotokoza kuti mwera umatenga chinyontho panyanja, ukafika kumtunda umakakamizika kukwera mapiri, ndipo ukamakwera umazizira n'kusanduka mitambo imene imakhala pansi penipeni. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, choncho chimene ife tikuchiona ngati mtambo, kwa anthu a kumeneko ndi chifunga cha pakhomo. Anawonjeza kuti iye amatera pabwalo limenelo pokhapokha akuona pansi ndi maso ake.

Malume anapsa mtima. Anati iwo akhala ku Mzuzu zaka 40 ndipo chifunga chimenecho chimachoka dzuwa likakwera, anati ndalama yalipiridwa kale, ndipo anafika ponena kuti mnyamatayo ndi wamantha. Achimwene anawathandizira, nati tingopita tikaone, tikapeza kuti n'kosatheka tibwerere. A kaputeni anayankha mawu amene sindiwaiwala msanga, ndipo sanakweze mawu: “Bambo, kupita kukaona ndi kumene kumapha anthu, chifukwa munthu ukafika pafupi umafuna kutsika pang'ono kuti uone bwino, ndipo m'mitambomo muli mapiri.” Palibe anatchula Chikangawa, koma ndikhulupirira kuti tonse tinali kuganiza za komweko. Anapereka njira ziwiri, kuti malume apite nafe ku Lilongwe akakwere basi, kapena tidikire mpaka masana, podziwa kuti ola lililonse lodikira lili ndi mtengo wake, chitsimikizo choti kuyera palibe, ndipo ndegeyi iyenera kukhala itatera ku Lilongwe dzuwa lisanalowe. Amene anathetsa nkhaniyi ndi mayi, ali pampando wawo pamthunzi. Anawaitana malume ndi dzina la paubwana n'kunena kuti, “Achimwene, musamuvutitse mwana wa eni, akudziwa ntchito yake.” Malume anatola chikwama chawo, nati ku Lilongwe alibeko chochita, adikira boti.

M'malo mwa malume tinakweza usipa. Achibale anatipatsa wouma wambiri, ndipo a kaputeni anatulutsa kasikelo ka m'manja n'kuyeza thumba lililonse, kenako analamula kuti onse alowe m'zipinda za kunsi, asalowe m'kati mokhala anthu, chifukwa mawa ndegeyo inyamula alendo ena ndipo fungo la usipa likalowa m'mipando silituluka. Thumba limodzi linatsala.

Ulendo wobwerera unali wa masana ndipo tinaumva. Panyanja panali bata, koma titangolowa kumtunda ku Nkhotakota ndege inayamba kukwera ndi kutsika ngati galimoto pamsewu wa mabampu, ndipo mdzukulu wa azakhali anagwiritsa ntchito kathumba ka pepala kamene kali kumbuyo kwa mpando uliwonse. Mayi anagona tulo kuyambira pamwamba pa nyanja mpaka matayala atagunda pansi ku Lumbadzi, nthawi ikuyandikira 12 koloko.

Lamulungu, 20 Julayi, ku Lilongwe

Kampani yatumiza chikalata cha ndalama zonse, ndipo ndachiwerenga mzere ndi mzere. Ya ulendo wa ku Mzuzu abweza yonse popanda ine kupempha, chifukwa ndege sinapiteko, ndipo za kuchedwa kwa dzulo apepesa m'mawu awiri okha. Ndikagawa mtengo wonse kwa anthu asanu ndi atatu, gawo la munthu mmodzi likuposa kutali kwambiri mtengo wa basi ndi sitima kupita ndi kubwera, ndipo theka la maola amene talipira ndegeyo inali yopanda munthu. Tikanadziwa msanga tikanafunsa a kampani ngati panali alendo ena ofuna kuchoka ku Likoma Lachitatu kapena kupitako Loweruka, chifukwa mayi wa mu ofesi uja wandiuza lero kuti maulendo opanda anthuwo nthawi zina amawagulitsa motsika mtengo, ndipo wochita hayala amachotseredwako.

Malume aimba madzulo ano ali ku Nkhata Bay, mawu ali otopa, akuti nyanja inali yoipa kuposa popita. Akuti anafunsa kunyumba kwawo ndipo anawauza kuti dzulo chifunga chinachoka cha m'ma 2 koloko masana, choncho tikanangodikira bwenzi atagona pabedi pawo. Sindinatsutsane nawo. Mayi, amene anali kusankha usipa palichero, anafunsa ngati malume afika bwino, kenako anandifunsa kachitatu kuti ndegeyo tinalipira ndalama zingati, ndipo ndinawauza kuti afunse achemwali.